Pakhonde pa Azakhali: Code ya Alamu Anga Ndingoisainira?

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 27, ndimalemba mapulogalamu a kompyuta pa kampani ina kuno ku Lilongwe. Makasitomala athu timawasungira mayina a anthu, manambala a foni ndi mauthenga mu database ya PostgreSQL. Mkulu wa gulu lathu walemba ma function anayi m'chiyankhulo cha C oti azigwira ntchito m'kati mwa seva mwenimwenimo. Awiri ndi osandutsa malemba akale a Windows-1252 kukhala UTF-8 ndi kuwabwezanso, awiri enawo ndi a base64. Pantchito pathu code siilowa popanda munthu wachiwiri kuiunika n'kusainira, ndipo ulendo uno maere agwera ine.

Vuto langa nali. Mkuluyo ndi achimwene ake a chibwenzi changa, chinkhoswe chathu chili mu Ogasiti, ndipo ntchito ndili nayoyi anandilozera ndi iwowo. Code yawo ndi yosalala, ma test onse akudutsa. Koma mtima wanga sukukhazikika. Malo olandirira zotuluka awapatula powerenga zilembo, ndiponso sindikuona pamene alemba zoti zichitike zolowa zikabwera zowonongeka. Nditayesa kuwafunsa pa nkhomaliro anangoseka n'kunena kuti, "Alamu, ine C ndidayamba kulemba inu mukuvala kabudula wa ku pulayimale." Kodi ndingosainira kuti mtendere ukhalepo? Ndikuopa kutaya mkazi ndi ntchito tsiku limodzi.

Ndine wothedwa nzeru,
ku Area 25.

Koma abale inu, ana a masiku ano! Iwe mwana wa mchimwene wanga, ndevu zonsezo ukunjenjemera mlamu? Pa chinkhoswe anthu amapatsana nkhuku, khasu ndi nkhwangwa. Siginecha ya pa code sindidaionepo pa mndandanda wa ankhoswe. Ndipo usayambe kunditumizira kankhope kolira kaja pa WhatsApp, chifukwa kameneko ndi ma byte anayi, ndipo ndikukayika ngati code ya alamu akoyo ingakanyamule. Sendera kuno, khala pamkekapo, usayang'ane chitenje changachi n'kuganiza kuti za seva zidandipita kumbali.

Ndiyamba ndi funso lomwe iwe sunalifunse chifukwa cha manyazi ako a uchikamwini usanafike. Alamu akowo alembera chiyani ma function amenewa? PostgreSQL ili nawo kale. Pali convert_from ndi convert_to, omwe WIN1252 amaidziwa bwino. Pali encode ndi decode, omwe amadziwa base64, hex ndi escape. Adalembedwa kalekale ndipo anthu osawerengeka adawapondaponda mpaka minga yambiri idazulidwa. Mwina chifukwa chilipo, monga kufuna base64 ya mtundu wina yoyenda mu URL. Ngati chilipo, achilembe pamwamba pa code kuti wobwera m'mbuyo asadzavutike. Ngati chifukwa chake n'choti manja amawayabwa, ndemanga yako yoyamba ndi imeneyo, ndipo zina zonsezi sungafunikenso kuzinena.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa code ya C yokhala m'kati mwa seva ilibe pothawira. Pulogalamu ya pa webusaiti ikagwa, wogwa ndi munthu mmodzi, amatukwana pang'ono n'kuyesanso. Koma mu PostgreSQL, process imodzi ikagwa chifukwa chopondera memory yosakhala yake, postmaster imadula ena onse olumikizidwa pa nthawiyo, n'kuyambiranso kudzikonza, chifukwa singadziwe ngati memory yogawana ija yaipitsidwa. Dzina limodzi lolembedwa modabwitsa, makasitomala anu onse panja. Ndipo kugwako ndiye mwayi. Tsoka lenileni ndi pamene sizigwa, zingolemba zolakwika mwakachetechete miyezi ndi miyezi.

Tsono pa zomwe mtima wako wakana zija, mtimawo uli ndi nzeru kuposa mwini wake. Alamu ako achita zomwe amachita kondakitala wa minibasi. Mzere ndi wa anthu anayi, iye wawerenga mitu inayi, ndalama watolera, wamenya chitseko. Koma mpando suwerenga mitu, mwana wanga, umawerenga matako. Mukalowa mayi wathupi ngati langali, wachinayi uja amakhalira pabondo la mnzake. Mu C bondo la mnzakelo ndi memory ya chinthu china, ndipo palibe amene amakuwa kuti mwandipsinja.

Chomwe chimapusitsa anthu n'choti zilembo zambiri zomwe timalemba ndi za ASCII, dongosolo la mu 1963 lokhala ndi zizindikiro 128. Ken Thompson ndi Rob Pike popanga UTF-8 mu 1992 adasiya 128 zimenezi momwe zidalili, chilichonse byte imodzi. N'chifukwa chake ma test olemba "Banda" ndi "Phiri" amadutsa ali chimwemwe, pakuti pamenepo chilembo ndi byte n'zofanana. Tayesa kulemba dzina la dziko lako ndi kachipewa kake, Malaŵi. Zilembo ndi 6, ma byte ndi 7, chifukwa ŵ mu hex ndi C5 B5. Funsa seva yako yomweyo, char_length ikupatsa 6, octet_length ikupatsa 7.

Ukhoza kunena kuti kachipewako anthu ambiri adakasiya. Chabwino. Nanga kamkhwekhwe ka pa ng'ombe, m'mudzi, n'chifukwa, Mang'anja? Chichewa chathu chadzaza nako. Munthu akalemba mu Word, pulogalamuyo imakapinda kamkhwekhweko kuti kaoneke bwino. Kopindikako mu Windows-1252 ndi byte imodzi, 92. Kakafika mu UTF-8 kamakhala atatu, E2 80 99. Chizindikiro cha euro nachonso chimachoka pa byte imodzi n'kukhala atatu. Ndiye amene akupatula malo kuchokera ku 1252 kupita ku UTF-8 ayenera kukonzekera katatu, ndi kamalo kena kotsekera ngati zotulukazo zikuthera pa ziro. Wopatula kawiri akuganiza za Latin-1, yomwe ndi msuweni chabe wa 1252. Eni PostgreSQL m'code yawo ali ndi nambala yotchedwa MAX_CONVERSION_GROWTH, ndipo adaiika pa 4. Sikuti ndi amantha. Adapsapo.

Ukapeza kuti achulukitsa, usathamangire kuwomba m'manja. Yang'ana kuti yankho la kuchulukitsako aliika muti. Chinthu chimodzi mu PostgreSQL chitha kukula mpaka 1 GB. Int wamba ya ma bit 32 imathera pa 2,147,483,647. Tenga ma byte 800,000,000 uchulukitse katatu, wapitirira. Nambala ikapitirira motero imatembenuka n'kutuluka yabodza, ndipo code yoikhulupirira ili m'madzi. Kuwerengako kuchitike mu ma bit 64, yankho liyerekezedwe ndi malire a seva, kenako ndiye apemphe memory. Uonenso kuti apempha ndi palloc, osati malloc, kuti function ikalephera pakati seva ithe kusesa yokha.

Kali kanthu kena kakang'ono komwe maso aulemu amakadumpha. Ngati ali ndi tebulo lotanthauzira ma byte, ndipo akulozamo ndi char wamba, ima pomwepo. Pa makina a Intel ndi AMD char imakhala ndi chizindikiro, ndiye byte 92 ija, yomwe ndi 146 m'manambala athu a tsiku ndi tsiku, imawerengedwa ngati -110. Code imabwerera m'mbuyo malo 110 tebulo lisanayambe n'kutola chilichonse chomwe yapeza kumeneko. Pa makina a ARM oyendera Linux char ilibe chizindikiro, code yomweyo imayenda bwinobwino. Mudzakangana ofesi yonse, wina akuti kwanga zikutheka, wina akuti kwanga zikukana, onse akunena zoona. Mawu amodzi okha, unsigned, akadaletsa mkanganowo. Ukaonanso strlen pa chinthu cha text kapena bytea, zunguliza ndi cholembera chofiira. Zinthu zimenezi zimanyamula utali wake kumutu, sizithera pa ziro, ndipo bytea itha kukhala ndi ma ziro pakati penipeni.

Tifike pa dandaulo lako lachiwiri, lomwe kwa ine ndiye lalikulu. Function yotulutsa UTF-8 imagwira zinthu zomwe mwakonza nokha. Yomasulira UTF-8 imalandira alendo, ndipo mlendo sumudziwa kumene wagona. Pa ntchito younika, nthawi yako yambiri ithere pamenepo. Usawerenge ngati mlamu wofuna kukondedwa. Werenga ngati munthu amene kampani yanu idamuchotsa ntchito ndipo akudziwa pomwe fomu yanu ili pa intaneti.

Lamulo la UTF-8 ndi lalifupi. Byte yoyamba imalengeza kuti tili angati: kuyambira C2 mpaka DF tili awiri, E0 mpaka EF tili atatu, F0 mpaka F4 tili anayi. Otsatira onse ayenera kukhala pakati pa 80 ndi BF. Chikalata cha RFC 3629 cha mu 2003 chidatseka nkhaniyi pa ma byte anayi. Tsono funsa code ya alamu ako mafunso awa mmodzimmodzi, chala chili pamzere. Malemba akathera pa C5, wachiwiri wake kulibe, ichita chiyani? Izi sizifuna mdani, zimangofuna pulogalamu ina kumtunda yomwe idadula dzina pa byte ya 50 osayang'ana kuti yadula chilembo pakati. Ngati code imangolumpha awiri chifukwa byte yoyamba yatero, yawerenga kunja kwa malire. Wachiwiri akakhalapo koma si wa pakati pa 80 ndi BF, imamumeza kapena imakana? ED A0 80 akafika, imadziwa kuti dera limenelo lidasungidwira UTF-16 ndipo mu UTF-8 ndi loletsedwa? Ziro akabwera pakati, imadziwa kuti text ya PostgreSQL siisunga byte ya ziro?

Ndipo pali mabodza aatali. Chizindikiro cha / ndi byte imodzi, 2F. Koma wina atha kuchilemba ndi awiri, C0 AF, ndipo womasulira waulesi, amene amangophatikiza ma bit osafunsa, atulutsa / yemweyo. Mlonda wa pageti amafufuza 2F, sanampeze, watsegula. M'kati wina wamasulira, ndipo / uja wabadwa kale m'nyumba. Zimenezi ndi zomwe zidagwetsa seva ya Microsoft ya IIS mu 2000: anthu ankalemba %c0%af mu adiresi n'kutuluka m'foda ya webusaiti kukayendetsa malamulo pa makina a eni. Mu Seputembala 2001 kachilombo ka Nimda kadalowera pakhomo lomwelo, mwa makomo ena. N'chifukwa chake C0 ndi C1 saloledwa n'komwe mu UTF-8. Ukapanda kuona mzere wowakana m'code ya alamu ako, usasainire, olo akulonjeze kulipira holo ya ukwati.

Za kabudula wa ku pulayimale zija, ndamva. Atero akulu, ndipo mwina n'zoonadi kuti C amaidziwa kuposa iwe. Koma tamvera za anthu omwe adalemba PostgreSQL yeniyeniyo, omwe alamu ako sangawauze za kabudula. Mu Meyi 2006 adatulutsa zokonza chifukwa m'ma encoding a ku Asia monga SJIS, BIG5 ndi GBK, byte yachiwiri ya chilembo itha kukhala 5C, yomwe payokha ndi backslash. Pulogalamu yotchinjiriza mawu inkawerenga mwina, seva n'kuwerenga mwina, ndipo pampata umenewo wakuba ankalowetsa SQL yake. Padapita zaka pafupifupi 19. Kumayambiriro kwa 2025, Stephen Fewer wa ku Rapid7, akufufuza za kuthyoledwa kwa pulogalamu ya BeyondTrust, adapeza mbale wake wa vuto lomwelo, lomwe lidalembedwa kuti CVE-2025-1094. Ma function a libpq monga PQescapeLiteral akaona byte ngati C0, ankakhulupirira kuti chilembo ndi cha ma byte awiri n'kutenga wotsatirayo osamufunsa dzina. Wotsatirayo akakhala 27, kamkhwekhwe kowongoka kotsekera mawu mu SQL, kankadutsa osatchinjirizidwa. Zikafika mu psql, wakuba ankatha kuyendetsa ngakhale malamulo a makinawo.

Nkhani siithera pomwepo, ndipo mbali yotsatirayi ndi yomwe ndimaikonda. Zokonza zidatuluka pa 13 Febuluwale. Pa 20 Febuluwale, sabata imodzi yokha, adatulutsanso zina, chifukwa pokonza paja PQescapeLiteral ndi PQescapeIdentifier adasiya kumvera utali womwe wapatsidwa, n'kumawerenga mpaka atapeza ziro. Akatswiri a dziko lonse, akukonza vuto lomwe aliyense akuliyang'anitsitsa, adapunthwa pa utali wa malemba. Ndiye mlamu wako wa ku Lilongwe ndi ndani kuti code yake isaunikidwe? Wakutsina khutu ndi mnansi, mwanawe, ndipo lamulo la munthu wachiwiri pantchito panupo adaliikira anthu odziwa ngati iwowo, pakuti wosadziwa amaopa yekha.

Pali chinthu china chomwe sindikufuna uchigonjere ngakhale akunyengerere. Pobwerera kuchoka ku UTF-8 kupita ku Windows-1252, ŵ alibe malo kumeneko. Kankhope kako kolira kaja kalibenso malo. Mbali inayi, mu 1252 muli ma byte asanu opanda mwini: 81, 8D, 8F, 90 ndi 9D. Code ikakumana ndi zotere ichite chiyani? Anthu okoma mtima amaika chizindikiro chofunsira n'kupitirira, poti safuna kukhumudwitsa kasitomala. Kukoma mtima kumeneko ndi kuba. Dzina likasanduka "Mala?i" ndipo loyambirira lafufutidwa, palibe function yomwe ingalibweze. PostgreSQL payokha imakana, imanena byte yomwe yaivuta ndi encoding yomwe ilibe malo ake, transaction n'kubwerera m'mbuyo. Za alamu ako zichite chimodzimodzi. Ngati makasitomala akufunadi kulowetsa chizindikiro china, chikhale chinthu chopempha mwadala, osati chochitika chokha.

Ukafuna umboni, awuze za MySQL. Kwa zaka zambiri chomwe MySQL inkatcha utf8 chinkanyamula ma byte atatu okha pa chilembo. UTF-8 yathunthu, utf8mb4, idabwera mu 2010 ndi 5.5.3. Seva ikakhala kuti siidaikidwe pa strict, chilembo cha ma byte anayi chikafika, inkadula malemba pomwepo, kutaya zonse zotsatira, n'kungosiya chenjezo lomwe palibe ankaliwerenga. WordPress inkayesa ndemanga yonse n'kuiona kuti ndi yabwino, database n'kusunga theka, ndipo theka limenelo likatuluka pa tsamba linkakhala HTML yothyoka yomwe wakuba ankabisamo script yake. Adazikonza mu Epulo 2015. Palibe idagwa pamenepo. Zonse zinkaoneka zoyenda.

Za base64 sindichedwapo, koma usaipeputse. Ma byte atatu amasanduka zilembo zinayi, ndipo otsala amadzazidwa ndi =. Malaŵi wathu wa ma byte 7 amatuluka TWFsYcW1aQ==, zilembo 12. Sintha Q akhale R, womasulira wosasamala akupatsa ma byte omwewo, chifukwa ma bit omaliza samawayang'ana. Ngati kwinakwake mumayerekeza ma token ali mu base64, malemba awiri osiyana otanthauza chimodzi ndi nkhani. Uone zomwe code ichita = akapezeka pakati, utali ukakhala wosagawika ndi 4, kapena mukalowa chilembo chachilendo. Kumbukiranso kuti encode ya PostgreSQL imaika mzere watsopano pakatha zilembo 76 zilizonse, motsatira mwambo wa imelo. Ma byte 57 ndi omwe amadzaza mzere umodzi. Ngati ma test a alamu ako onse ndi timawu tifupitifupi, palibe yomwe idafikapo pa 57, ndipo sukudziwa ngati decode yawo ingalandire zomwe seva yomweyo imatulutsa.

Ma test odutsa onse aja sandisangalatsa ine. Adawalemba ndi mwini code, ndipo munthu amayesa zomwe adaziganizira kale. Lemba ako. Yesa malemba opanda kanthu, byte imodzi, awiri, atatu, kenako 56, 57 ndi 58. Yesa ma byte onse 256 mmodzimmodzi. Yesa NULL, chifukwa function yosalembedwa kuti STRICT imalandira NULL m'manja, ndipo ikapanda kuyang'ana imagwa nayo. Usakhutire ndi kupita n'kubwera kokha, zoti ndasandutsa, ndabweza, zafanana. Function ziwiri zolembedwa ndi mutu umodzi zitha kulakwa mogwirizana n'kuchitirana umboni. Yerekeza zotuluka zawo ndi za convert_from kapena za iconv. Ukatero manga code ndi AddressSanitizer kapena uiyendetse pansi pa Valgrind, uithire ma byte osokonekera usiku wonse, iwe ukagone. Kulemba kopitirira byte imodzi maso ako sangakuone, koma zida zimenezi zimakuuza mzere wake.

Tsono kanenedwe kake, poti ndi komwe kwakusowetsa tulo. Choyamba, pa nkhomaliro sipounikira code. Udawafunsa ali ndi anthu, nsima ili m'manja, umayembekezera kuti atani? Mwamuna wamkulu akafunsidwa pagulu ndi mlamu wake wamng'ono amayamba wateteza ulemu, code pambuyo. Lemba m'malo omwe mumalembamo ndemanga za code, ndipo usalembe kuti "apa mwalakwitsa". Pita ndi test yogwa. Ulembe kuti, "Achimwene, ndayesa kulowetsa 92 katatu motsatizana, AddressSanitizer ikudandaula pa mzere wakutiwakuti. Kodi tichulukitse katatu pamenepa?" Pamenepo sakukangana ndi iwe, akukangana ndi makina, ndipo makina alibe mlongo woti akwatiwe.

Usasakanize zazikulu ndi zazing'ono. Zolemba kunja kwa malire, zolowa zosayesedwa ndi zizindikiro zofunsira zija ndi zoletsa kusainira. Zoti dzina la variable silikukusangalatsa, meza malovu. Ndemanga 40 zonyinyirika zimakwirira zitatu zofunika, ndipo zimakupangitsa kuoneka ngati ukubwezera za kabudula. Pomwe alemba bwino unenenso, koma pokhapo pomwe alembadi bwino.

Chibwenzi chako usachilowetsemo. Ndikukudziwani anyamata inu, mumakonda kutuma mkazi kuti akanong'oneze achimwene ake. Mtsikanayo sadalembe code, ndipo sakuyenera kusankha pakati pa inu awiri chifukwa cha buffer. Kwa apongozi ukapita Lamlungu, alamu ako uwapatse moni ndi manja awiri monga mwa nthawi zonse, za mzere wakutiwakuti uzisiye ku ofesi. Akakwiya masiku awiri, asiye akwiye. Akakakamira kuti usainire zinthu zili chomwecho, ukane mwaulemu, upemphe kuti munthu wachitatu aone test yako. Dzina lolembedwa pansi pa code ndi lako, ndipo seva ikadzagwa pakati pausiku mwezi ukutha, woyamba kufunsidwa ndi amene adati ndaona, zili bwino.

Kalata ina yabwera kuchokera ku Zomba, ndipo ikugwirizana ndi yomweyi.

Azakhali, ndine mtsikana wosamalira database ya bungwe lina laling'ono. Titasamutsa zinthu kuchoka m'dongosolo lakale, mayina ena akutuluka ngati "MalaÅµi" ndi "ngâ€™ombe", ena ali ndi chizindikiro chofunsira pakati. Abwana akuti ndingochita find and replace. Nditani?

Mwana wanga wamkazi, abwana akowo uwapatse tiyi akhale pansi, kiyibodi uisunthire kutali. Usanakhudze chilichonse tenga backup, ndipo uyese kuibwezeretsa pa makina ena kuti udziwe kuti ndi backup yeniyeni.

Zomwe zachitika n'zosavuta kuzitsata. Ma byte a UTF-8 adawerengedwa ngati a Windows-1252, kenako n'kusandutsidwanso UTF-8. C5 mu 1252 ndi Å, B5 ndi µ, ndiye ŵ wako uyo. E2 80 99 ndi â, € ndi ™, ndiko kamkhwekhwe kako. Ma byte enieni akadalipo, angovala zovala za eni. Ngati uli pa PostgreSQL, dutsitsa malembawo mu convert_to kupita ku WIN1252, zotulukazo uzidutsitse mu convert_from ngati UTF8, ndipo dzina libwerera. Ukaona "MalaÃ…Âµi", dziwa kuti ngozi idachitika kawiri, uvulenso kawiri.

Koma usathire mankhwalawa pa tebulo lonse. Mizere yomwe ili bwino kale, yokhala ndi ŵ weniweni, ikana kupita ku WIN1252, ndipo UPDATE yako yonse ibwerera. Sankha mizere yodwala yokha, zokonzedwazo uzilembe mu column yatsopano pambali, uziyang'ane ndi maso ako usanafufute zakale. Chenjera ndi chizindikiro chopindika chotsekera mawu a munthu, E2 80 9D, chifukwa 9D ndi mmodzi wa asanu opanda mwini aja, ndipo pulogalamu yomwe idasamutsa mwina idamutaya panjira. Imeneyo uikonza ndi manja.

Za zizindikiro zofunsirazo, yamba waona ma byte ake mu hex. Ngati ndi 3F, kapena EF BF BD, chilembo choyambirira chidapita. Funsa ngati dongosolo lakale likadalipo kuti musamutsenso mwadongosolo. Ngati adalifufuta, kabati ya mafomu a pepala ili pakona paja, ndipo abwana ako, poti amakonda kuthandiza, akhoza kumakuwerengera mayina iwe ukulemba.

Ndine Azakhali anu.